Mchere mu Mgolo Woyera

Ntchito yanga yoyamba inali yozunza mitengo. Ee, kuizunza dala, m'mawa uliwonse, ndipo mwezi ukatha amandilipira. Anzanga akamva zimenezi amati, "Limbani wayambapo," chifukwa ine kwathu kwa Nzama ndimadziwika kuti nkhani ikadutsa pakamwa panga imatuluka itanenepa. Khoswe amasanduka mbuzi, mbuziyo pofika madzulo yamera linunda. Sindikana. Koma iyi imvetsereni bwino, poti ndi yokhayo imene ndikamaifotokoza pamtima pamandiotchabe.

Nditalemba mayeso a Folomu 4, zotsatira zinabwera ngati zagundidwa ndi lole. Ndiye ndinayamba kumangoswera pa Boma, paja akabaza amadikirira anthu, kumawaseketsa kuti andigulireko chipisi. Tsiku lina kunatulukira asuweni anga a Fanuwelo, mwana wa amalume, ali pa njinga yamoto ya kuntchito, chisoti chili kumutu ngati mphika.

"Iwe mwana wa azakhali, ukadali kudya chipisi cha eni ake?"

"Asuweni, mphika mwavalawo ndi wa ndani? Alamu aphikira muti lero?"

"Kwera apa, chitsiru iwe. Ntchito yapezeka."

Inu mukuchidziwa chisuweni. Msuweni umamunena kuti mutu wake ngati dzungu, kumulanda nkhuku pamaso pa anthu, palibe mlandu, aliyense amangoseka. Ine ndi a Fanuwelo tinakula choncho. Anandiphunzitsa kupalasa njinga ndi iwowo, kundikankhira m'khola la nkhumba ndi iwo omwewo. Akanati tilowe m'moto ndikanangofunsa kuti ndivule kaye nsapato.

Anandipititsa kuchigwa, mbali ya ku Bwanje, kumene kumatentha koti nkhuku zimaikira mazira owiritsawiritsa. Kumeneko kabungwe kena kanali ndi nazale ya msatsimanga. Ee, msatsimanga uja timaika mpanda pakhola ndi kudimba, umene ngakhale mbuzi yamisala siidya. Amati njere zake ukazifinya zimatuluka mafuta oti n'kuyendetsera injini ya chigayo. Tsono m'chigwamo muli malo ena amene nthaka yake imayera mbuu pamwamba chifukwa cha mchere, chimanga chikamera chimangofika m'mawondo n'kusiya ntchito. Funso la eni kabungweko linali lakuti, kodi msatsimanga ungapirire mchere wochuluka bwanji ukadali mbande? Ukapirira, ndiye kuti anthu a malo oterewa apezako chodzala.

Mwini wa kafukufukuyo anali mayi wina wa ku Lilongwe, tonse timangoti Madamu. Amabwera pakadutsa masabata angapo, atanyamula kamakina kooneka ngati cholembera chonenepa. Akakaviika m'madzi kamawauza kuchuluka kwa mchere, akamaliza n'kukabweza m'chikwama, kupita nako. A Fanuwelo ndiwo anali kapitawo. Panalinso amayi awiri a m'mudzi momwemo odzaza dothi m'machubu, timatumba takuda tofeseramo njere, ndi ine wothirira.

Ntchitoyo imayenda chonchi. Pansi pa shedi ya udzu panali mizere inayi ya machubu akuda aja, dothi lake limodzimodzi: lakudimba, mchenga ndi manyowa, zosefa bwinobwino. Mzere uliwonse unali ndi mtundu wake wa penti, mgolo wake, kheni yake yothirira ndi kapu yake. Mgolo woyera munalibe mchere. Wabuluu ndimayeza mchere pang'ono pa sikelo n'kuthiramo, wachikasu wochulukirapo, wofiira ndiye wankhanza, woti ukaviikamo nsomba yaiwisi imatuluka ili youma kale. Ndimatakasa ndi ndodo mpaka mchere usungunuke, ndodonso mgolo uliwonse yake. Ndikatunga m'kheni, chubu chilichonse kapu imodzi, osaonjeza, osachepetsa, ngakhale mbandeyo ikuyang'ane momvetsa chisoni bwanji. Lachisanu timayeza ndi rula kuchokera padothi kufika kunsonga, kuwerenga masamba, a Fanuwelo n'kumalemba.

Tsiku loyamba Madamu anandiimika pamzere woyera n'kunena kuti, "Iwe Limbani, kheni yofiira isadzafike pano ngakhale kumaloto. Mzere uwu ndi umene ukutionetsa mmene mbewu imakulira ikakhala pamtendere. Enawo timawayerekeza ndi uwu. Ukawonongeka uwu, zonse zalowa m'madzi."

Madzi a migolo yonse amayenera kuchokera ku kasupe wa m'tsinde mwa phiri, ulendo wa m'mawa wonse pa ngolo. Pafupi ndi nazale panali mjigo, koma madzi ake anali amchere. Sopo samachita thovu, tiyi amamveka ngati msuzi wa usipa. Kutunga madzi inali ntchito ya a Fanuwelo, ndiwo amapita ndi ngolo imene bungwe linabwereka.

Ine mizereyo ndinaipatsa mayina. Woyera ndimati mabwana, wabuluu aphunzitsi, wachikasu aganyu, wofiira akaidi. Ndipo amakhaladi choncho. Mabwana anamera msanga, masamba otambalala ngati chikhatho, obiriwira biriwiri, tsinde lonenepa. Aphunzitsi amayesetsa, kungoti ofupikirapo, ngati mwezi watalika. Aganyu masamba a m'munsi amayamba chikasu, m'mphepete n'kupsa ngati wawayandikiza kumoto, kenako n'kuthothoka. Akaidi ena sanamere n'komwe. Amene anamera anangotulutsa timasamba tiwiri n'kuima pomwepo, pamwamba pa dothi patayera mchere. Madamu akazula imodzi kuti aone mizu, ya mabwana imakhala yoyera, yodzaza chubu chonse ngati ndevu za agogo anga aja anakakhala ku Joni. Ya akaidi kamuzu kamodzi kofiirira, kafupi ngati ndudu yosutasuta. Anandiuza kuti mchere ukachuluka m'dothi, muzu umalephera kukoka madzi, mbewu imafa ndi ludzu ili m'chinyontho. Zinandikhudza, amwene. Ndimati ndikamathirira akaidi ndimawapepesa. "Pepani akulu, ine ndangotumidwa."

Madamu amandikonda. Akabwera amati, "Lero kwachitika zotani, Limbani?" Ine ndiye pompo. Ndinawauza za nsato imene inagona pakhomo pa shedi, yotalika ngati minibasi ziwiri, yoti pofuna kulowa timachita kupempha njira. Ndinawauza za mbuzi imene inameza rula yathu, ana ake n'kubadwa ali ndi manambala pamsana. Amaseka mpaka kuvula magalasi. Tsiku lina anandiuza kuti kafukufuku wa m'machubu akatha ayamba kudzala kumunda, ndipo adzafuna munthu mmodzi wokhazikika, amene adzamutumizenso kukaphunzira za nazale. Pouza a Fanuwelo analoza ine ndi mlomo. "Uyu dzanja lake ndi labwino."

Basi ine kumutu kunali kutadzaza kale. Ndinadziona nditavala gambutsi zatsopano, ndikutsika basi kwa Nzama atsikana akukomoka mbali zonse. Amayi ndinawauza kuti asadandaulenso za malata.

Kenako, chilimwe chitafika pachimake, mabwana anayamba kudwala.

Zinayamba ndi nsonga za masamba, kupsa pang'ono. Ndinati mwina ndi dzuwa, ndinakwera pa shedi kuonjezera udzu. Sizinasinthe. Masamba a m'munsi anayamba chikasu, chikasu chomwe chija cha aganyu. Rula ya Lachisanu imangobwereza za Lachisanu lapitalo. Ndinatsuka kheni yoyera, kutsuka kapu, kutsuka ndodo, mpaka kutsuka manja ngati ndikukadya kwa apongozi. Ndikafunsa a Fanuwelo amangoti, "Mbewu zimatero, iwe. Mwina zatopa ndi mabodza ako."

Tsiku lina masana botolo langa la madzi akumwa linatha, kukhosi kuli gwa. Ndinati mabwana andikhululukira, ndinatunga kapu imodzi mu mgolo woyera n'kupapira. Ndinalavula. Mchere! Osati wochuluka ngati wa akaidi ayi, koma uja womveka kumapeto kwa lilime, wa mjigo uja ndendende.

Ndinatuluka n'kutsata mapazi a ngolo. Sanaloze kuphiri. Anakhota kuseri kwa mitengo ya mango, kukaima pa mjigo, kuchoka apo ulendo wa ku uvuni wa njerwa, kuchokanso apo kukafika pamalo amene a Fanuwelo amamangapo nyumba yawo. Ndinawapeza pomwepo akutsitsa njerwa, thukuta lili kamukamu. Ndiye kuti m'mawa wonse woti ngolo ikhale ku kasupe imatuta njerwa, migolo n'kumangoidzaza pa mjigo pobwerera.

"Asuweni, mabwana mukuwamwetsa chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kundikokera kuseri kwa khoma. Nkhope ija ndinali ndisanaionepo, yopanda nthabwala.

"Mphwanga, mvula ili pafupi, njerwazi zikanyowa ndatha. Ndimati masiku ochepa okha. Sindimadziwa kuti zioneka msanga choncho."

"Nanga Madamu akubwera mawa, tiwauza chiyani?"

"Ndiwauza ndekha. Ndalakwa ndine, ndiyankha ndine. Koma iwe usayambe kulankhula, wamva? Iwe ndi pakamwa pakopo ukanena kuti ndathira nyanja yonse, ndiye atithamangitsa tonse. Undisiyire. Ndinakukhumudwitsapo ine?"

Ndinaganiza za khola la nkhumba lija, koma ndinati ayi, ija inali nthabwala. Ndinavomera. Anandigulira thobwa, n'kundituma kuti ndikwere njinga ndikagule machubu atsopano ku sitolo ya a Chawa ena kumsika, kutali ndithu. Ndinapita ndikuimba, mtima uli m'malo, ndikuti koma asuweni angawa ndi mwamuna. Pobwera ndinapeza migolo yonse yanyowa kunja, yotsukidwa bwino, yodzaza mpaka pakamwa. Ndinati onani, munthu wayamba kale kukonza zolakwa zake.

Mawa lake galimoto ya Madamu inaima pansi pa mtengo. Anatsika akumwetulira, "Lero kwachitika zotani, Limba—" Mawu anathera pomwepo. Anali ataona mzere woyera.

Anayenda pang'onopang'ono kuchokera kumutu kwa mzere mpaka kumapeto, akugwira tsamba ili, kutembenuza ilo. Amayi odzaza machubu aja anasiya kusefa dothi. Madamu anatulutsa kamakina kaja, kukaviika mu mgolo woyera. Anayang'ana, kupukusa mutu. Madzi abwinobwino. Anatenga chubu chimodzi cha mabwana, kuthiramo madzi a m'botolo lawo, n'kutchera kapu pansi kuti adonthere. Anaviikamo kamakina. Nkhope inasintha. Anang'amba chubucho ndi lezala, kusasa dothi, mizu ija ili yofiirira kunsonga.

"Mu mgolo mulibe mchere, koma m'dothi muli mchere. Walowa bwanji?"

Ine ndinayang'ana a Fanuwelo. Ndimadikira. Ndinawakonzera ngakhale nkhope yowalimbitsa mtima, yoti nenani asuweni, ndili pambuyo panu.

Anatsokomola, kukanda kumutu, kenako anaseka. Kuseka kuja kwa kumudzi, kwa pa chisuweni.

"Madamu, ine ndakhala ndikumubisa poti ndi mwana wa azakhali anga. Uyu akamathirira pakamwa sipatseka. Amacheza ndi mbewu, amazipepesa, afunseni amayiwa. Kheni yofiira ndaipezapo kangapo ili pamzere woyera. Ndimamuuza, iwe dzungu, yang'ana penti, iye ali kalikiliki kufotokoza za nsato."

Ndinamva ngati wina wandithira madzi a mgolo wofiira m'makutu.

"Bodza! Madamu, bodza limenelo! Madzi amatunga pa mjigo awa, ngolo imatuta njerwa zawo. Dzulo ndinalawa ndekha, anali amchere. Migoloyi atsuka dzulo lomweli atandituma kumsika. Tiyeni mukaone mapazi a ngolo, tiyeni!"

"Mwamva, Madamu?" anatero a Fanuwelo, akupukuta misozi ya chiseko. "Yayambika ina. Ngolo yotuta njerwa. Ikubwerayi akuuzani kuti ng'ombezo ndi zimene zikumanga nyumbayo. Uyu si uja wa mbuzi ya manambala pamsana?"

Mmodzi wa amayi aja anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa ndi chitenje. Winayo anangoyang'ana pansi, n'kumafukula dothi ndi chala chakuphazi. Onse awiri mjigo uja amadutsapo tsiku ndi tsiku, ngolo amaiona. Koma ganyu anawalemba ndi a Fanuwelo, ndipo ine ndinali wobwera.

Ndinalumbira. Ndinatchula Mulungu, kutchula manda a bambo anga, mawu akunjenjemera ngati wailesi yotha mabatire. Ndipo ndikamalumbira kwambiri m'pamene ndimaoneka ngati ndikuchita sewero, poti za nsato zija ndinalumbiranso chimodzimodzi. Chimene chinandipweteka n'chakuti a Fanuwelo sanakalipe, sanatukwane. Amangoseka, kundimenya paphewa, "Vomera mphwanga, kulakwa kulipo." Munthu wongofika akanati taonani asuweni okondana.

Madamu anavula magalasi, koma ulendo uno osati chifukwa choseka.

"A Limbani," anatero. Chiyambire anali asananditchulepo choncho. "Miyezi yonseyi yapita pachabe, ndiyambiranso ndi njere zatsopano. Mu mgolomu mulibe mchere. Ndikhulupirire kamakinaka kapena inu?"

"Mukaone mapazi a ngolo okha, Madamu."

"Kudera kuno ngolo ndi imodzi?"

Basi mlandu unathera pomwepo. Anati mwezi umenewo andilipira wonse, koma ndisabwerenso. Machubu onse a mzere woyera anati atayidwe, ndipo ntchito yomaliza imene ndinagwira pa nazale ija inali yokhuthula mabwana anga kudzala, mmodzimmodzi. Chubu chimodzi ndinachilowetsa m'jumbo ya zovala. A Fanuwelo anandiona, n'kuyang'ana kumbali. Anandifunsa ngati ndikufuna andiperekeze pa njinga yamoto. Ndinayenda wapansi mpaka pamsewu.

Kunyumba ndinawafotokozera amayi zonse, osaonjezera ngakhale kambewu kamodzi. Anamvetsera akusenda mbatata, kenako anati, "Nanga Fanuwelo angachite zimenezo? Iwenso Limbani nkhani zako timazidziwa. Ndipo ngakhale zitakhala zoona, ameneyo ndi msuweni wako. Ukufuna ine ndikaonane bwanji ndi achimwene anga?"

Amayi anga enieni, amwene. Apo ndiye ndinakhala chete, mwina koyamba chibadwire.

Patapita masabata angapo, Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, ndinangomva njinga yamoto pabwalo. A Fanuwelo, atavala gambutsi zatsopano. Pa Sabata, dzuwa lili phwee, munthu wavala gambutsi. Malo okhazikika aja anali atapatsidwa iwowo. Analowa mwa masiku onse, kuthamangitsa tambala wa amayi, "Uyu ndanyamula, azakhali, msuweni wangayu sangamudye, mano anathera kunama." Amayi akuseka.

Anakhala pa mpando pakhonde n'kundiyang'ana. "Ndiye wakwiyadi? Iwe, pa chisuweni amakwiya?"

"Ayi asuweni, ndikwiyirenji."

"Limbani, apangire tiyi asuweni ako," anatero amayi.

Ndinapita kukhitchini. Ndinawiritsa madzi bwinobwino, masamba okwanira, mkaka pang'ono, kapu ija ya maluwa imene timasungira abambo mfumu akabwera kudzayendera odwala. Shuga sindinamukhudze. Ndinatsegula chitini cha mchere n'kuyeza mwa ntchito yanga, muyezo wa akaidi. Ndinatakasa mpaka usungunuke, poti Madamu anandiphunzitsa kuti mchere usamatsalire pansi. Ndinakapereka ndi manja awiri, nditagwada.

Anamwa kamodzi. Kapu inaima m'malere. Maso anatuzuka, kukhosi kukukana, tsaya likugwedera. Anandiyang'ana, ine ndikuwayang'ana.

"Imwani, asuweni," ndinatero. "Madzi ake ndi a ku kasupe."

Akanatha kulavula. Akanatha kukuwa kuti azakhali taonani mwana wanuyu, amayi akanandithamangitsa ndi chikuni. Koma akanafunsidwa kuti mchere wabwera bwanji pa nkhaniyi. Anayang'ana m'kapumo nthawi yaitali, kenako anatseka maso n'kuyamba kumwa. Anamwa, amwene. Kupuma, kumwanso, misozi ili m'maso, mpaka pansi pa kapu panaoneka.

"Shuga wakwana, Fanuwelo?" anafunsa amayi.

"Wakwana, azakhali."

Sanakhalitse. Tambala anamuiwala. Atapita, amayi potola kapu anaviika chala m'timadzi totsalira n'kulawa. Anandiyang'ana, kuyang'ana kumsewu kumene fumbi la njinga linali lisanathe, n'kulowa m'nyumba ndi kapu ija. Kuyambira tsiku limenelo sanandiuzenso kuti nkhani zanga amazidziwa. Ntchito sinabwerere, Madamu mpaka lero akudziwa kuti wothirira wawo anasokoneza makheni. Chipepeso chonse chimene ndinalandira pa nkhaniyi ndi kapu ya tiyi ija.

Bwana uja ndinabwera naye m'jumbo ndinamudzala pampanda kuseri kwa nyumba. Mvula itagwa n'kutsuka mchere uja, anaphukira. Panopa ndi wamtali kuposa ine. Ndikanati kuposa tchalitchi, koma ndalonjeza kuti iyi sindionjezera.

Lero ndili ndi kanazale kangakanga kufupi ndi Lizulu, mbande za mapeyala, mango, kabichi ndi tomato. Ngati mukufuna kuyamba ntchito imeneyi, anthu adzakuuzani za dothi, za manyowa, za shedi, zonsezo ndi zoona. Ine changa ndi chimodzi: madzi musanathirire, lawani. M'mawa uliwonse ndimaviika chala mu mgolo n'kuika palilime, kaya watunga ndani, kaya ndi mkazi wanga, kaya ndine ndemwe dzulo. Masamba akamadzayamba kupsa m'mphepete ndiye kuti mwachedwa kale, muzu unayamba kulira kalekale.

Makasitomala ndimawanamizabe, musadandaule. Dzana ndinauza mayi wina wa ku Mozambique kuti mapeyala anga akagwa amakumba chitsime. Koma a Fanuwelo okha ndiwo sindiwaseka. Nyumba yawo inatha, ya njerwa zabwino. Tikakumana pamaliro kaya paukwati amayesa kundiputa, "Iwe dzungu, ukadali moyo?" Anthu amatembenuka, kudikira kuti Limbani abweza zotani lero. Ine ndimavula chipewa, kugwira dzanja lawo ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo bambo. Kaya inu, mwayenda bwanji?"

Amamwetulira ngati akumwanso tiyi uja.